Njanji ya kumunsi ija, yopita ku Makhanga

Achinyamata ambiri kuno ku Blantyre ukawafunsa za sitima amangodziwa ya ku Balaka ndi Nayuchi basi, koma njanji yoyamba m'dziko muno si imeneyo ayi. Ndi ija imachoka pa Limbe nkutsetsereka kudutsa Luchenza, Sandama, Thekerani mpaka Makhanga, kenako Bangula, Nsanje, kukathera pa Marka. Lero anthu amaiona ngati kanjanji kakumudzi, pomwe kale katundu yense wa dziko lino ankadzera mmenemo.

Inatsegulidwa mu 1908. Atsamunda ankafuna iyambire pa Chiromo poti sitima zapamadzi zinkafika pamenepo, koma madzi mu Shire anachepa moti sitimazo zinkatitimira mumchenga, ndiye anaitalikitsa mpaka Port Herald, yomwe ndi Nsanje ya leroyi. Mu 1914 inafika pa Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 atamaliza mlatho wa Dona Ana wowoloka Zambeziyo, fodya, tiyi ndi thonje zinayamba kupita ku Beira osatsitsidwa panjira.

Kufa kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Mu 1970 kunabwera njanji ya ku Nacala, kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndiye mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, pamalo paja amati Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo sitima inkangothera pa Makhanga nkubwerera. Madzi a mu Januwale 2015 anadzamaliza zotsalazo.

Koma ine chimandiwawa si za ku Beira kwenikweni, ndi anthu akumapiri a Thyolo uko komwe msewu wake nthawi yadzinja ngakhale lole imakana. Sitima inali basi yawo, inalinso msika. Ikaima pa Thekerani kunali piringupiringu, azimayi kukweza mikoko ya nthochi, ena kugulitsa chinangwa chophika kudzera pawindo, nkhuku zomanga miyendo pansi pa mpando, onsewo ulendo wa ku Limbe ndipo mtengo wake unali woti munthu wakumudzi amakwanitsa.

Zokonza chigawo cha Marka kufika Bangula zinayambika, tikuyamika. Kungoti imeneyo ndi ya kutsidya kwa Shire. Kuti sitima yochoka pa Limbe idzafikenso ku Nsanje pakufunika mlatho pa Mtayamoyo, apo ayi anthu azingokweza njinga ndi matumba a chimanga m'bwato ngati mmene akuchitiramu.