Sabata yolimbana ndi maimelo osafika

Ndimakonza mawebusayiti pa kampani yaing'ono ku Braamfontein, ndipo limodzi mwa masamba omwe ndimayang'anira ndi la anthu onyamula katundu kuchoka kuno ku Joni kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Wofuna kutumiza firiji kapena zikwama za zovala kumudzi amayamba walembetsa, kenako timamutumizira uthenga pa imelo kuti atsimikize kuti imeloyo ndi yakedi. Sabata yonseyi yathera pa kauthenga kameneka.

Lolemba m'mawa mayi wa ku ofesi ya onyamula katunduwo anandiimbira. "Achimwene, anthu akuti uthenga wanu uja sukufika, ena afika pokwiya." Nditayang'ana maimelo obwerera, ambiri anali olembedwa molakwika: gmial.com, gmail.con, ena chilembo chimodzi chosowa pa dzina. Munthu akulemba pa foni yong'aluka galasi, ali m'takisi yopita ku Park Station, sizachilendo. Ndinakonza kuti tsamba lizimuonetsa imelo yomwe walemba m'zilembo zikuluzikulu ndi kumufunsa ngati amatanthauza gmail.com.

Lachiwiri ndinatsata omwe analemba bwino koma uthenga n'kukagwera mu foda ya spam, momwe mumatayidwa maimelo okayikitsa. Kampani ya onyamula katunduyo inali itasintha kotumizira maimelo osasintha zolembedwa mu DNS (kaundula wa pa intaneti wosunga zokhudza dzina la webusayiti), ndiye Gmail inkaona ngati wina akunamizira dzina lawo. Pali zinthu zitatu zolembedwa mu DNS zotsimikizira kuti uthenga ndi wanudi. SPF imatchula maseva (makompyuta otumiza maimelo) ololedwa kutumiza m'dzina lanu, DKIM imaika siginecha pa uthenga uliwonse, DMARC imauza wolandira choti achite zinazo zikalephera. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna zonse zitatu kwa otumiza maimelo opitirira 5,000 patsiku. Ife sitifika pamenepo, komabe ndinaika zonse.

Lachitatu kunali dandaulo la ogwiritsa ntchito maimelo a kuntchito kwawo: akadina linki, tsamba likuti yagwiritsidwa kale ntchito. Makina oteteza maimelo m'makampani ambiri amatsegula linki iliyonse mwiniwake asanaione, ndipo linki yathu inali yogwira kamodzi kokha. Ndinaichotsa n'kuika nambala ya manambala 6 yoti munthu ailembe pa tsamba, yotha mphamvu pakadutsa mphindi 15.

Tsiku lomwe landikhala pamtima ndi Lachinayi. Ndinapita ku ofesi kuja ndipo ndinapeza bambo wina wa ku Mangochi, wosamalira maluwa ku Randburg, atabwera ndi njinga ndi matumba awiri oti apite kwa mayi ake. Anati alibe imelo. Ndinawapempha foni. "Bambo, pogula foniyi anakutsegulirani ndani?" Anati mnyamata wa pashopu m'tauni, ndipo pasiwedi sanawauze. Ndinatsegula Gmail pafoni pomwepo, uthenga wathu uli pamwamba penipeni, pansi pake mauthenga ambirimbiri osawerengedwa. Anaseka n'kugwira pakamwa. Anthu athu ambiri ali choncho: imelo ali nayo chifukwa foni ya Android imaifuna, koma moyo wawo wonse uli pa WhatsApp. Tinakhala pansi n'kuyesa kusintha pasiwedi, ndipo mwamwayi nambala yobwezeretsera akaunti inali yawo yomwe. Yatsopanoyo anailemba m'kabuku kawo ka m'thumba.

Abwana a kampaniyo ataona zimenezi anati tingochotsa zotsimikiza zonsezi, zikuthawitsa makasitomala. Ndinawamvetsa, ndalama zawo zili pamenepo, koma ndinakana. Pa imelo ija ndi pomwe timatumiza risiti yokhala ndi dzina la wolandira katundu, nambala yake ya foni, mudzi wake ndi zomwe zili m'katundumo. Ndi pomwenso pamapita uthenga wosinthira pasiwedi. Chilembo chimodzi chikalakwika, zonsezi zigwera m'manja mwa mlendo, ndipo kuli ngati kupereka kiyi wa nyumba kwa munthu wongodutsa pamsewu. Mlendoyo atha kulowa mu akaunti n'kusintha dzina la wokatenga katundu ku Limbe. Bambo aja agwira ntchito padzuwa miyezi ingati kuti agule njinga imeneyo? Ndinawakumbutsanso za lamulo la POPIA, lomwe makampani a muno mu South Africa akuyenera kulitsatira kuyambira pa 1 July 2021. Limafuna kuti zokhudza anthu zisungidwe motetezeka komanso zikhale zolondola, ndipo wolakwiridwa atha kukadandaula kwa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli.

Lachisanu tinagwirizana. Kutsimikiza kukhalapobe, koma munthu azisankha yekha kulandira nambala ija pa imelo kapena pa SMS. SMS iliyonse imalipiridwa, choncho ndinaika malire a kangati munthu angapemphe pa ola, kuopa osewera nazo. Mawu a pa tsamba tawalembanso m'Chichewa, ndipo mayi wa ku ofesi uja, yemwe kwawo ndi ku Mzimba, walonjeza kundipatsa a Chitumbuka Lolemba likubwerali.