Tsiku Limene Ndinapulumutsa Boti Losamira

Ine ndi mwana wa msodzi, ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo mwera ndinaudziwa ndisanaphunzire kuwerenga. Choncho abwana anga a ku Johannesburg, omwe ndimawasamalira maluwa, atanditenga Loweruka lina kupita ku Vaal Dam ndi boti lawo latsopano, ndinadzitama njira yonse kuti za pamadzi asandiphunzitse.

Titafika pakati, iwo anadina batani. Pansi pa mipando panamveka kulira kwa mapampu, kenako kumbuyo kwa boti kunayamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinasuzumira m'kabati ina: thumba lalikulu likufufuma ndi madzi ngati mimba ya ng'ombe yodya nyemba zaziwisi.

Kwathu madzi akalowa m'bwato sufunsa munthu, umakapa, ndipo zikavuta umataya katundu. Ndinakuwa kuti, "Bwana, tikumira!" ndipo ndinanyamula chibokosi chozizira cha mowa ndi nyama yootcha, phava! m'madzi.

Panali zii. Kenako adona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Abwana, maso ali pa bokosi lawo likuyandama, anandifotokozera kuti madziwo amawalowetsa dala, oposa tani imodzi, kuti boti lilemere kumbuyo n'kukumba funde lalikulu. Kumatakoko kulinso kachitsulo kotseguka mbali imodzi, kamene kamaumba fundelo kuti likhale losalala kumanzere kapena kumanja. Boti limangoyenda ngati makilomita 18 pa ola, ndipo munthu wokokedwa ndi chingwe kumbuyo kwa boti akaima pathabwa loyandama amaponya chingwecho, funde n'kumamukankha lokha. Anthu kulipira ndalama kugula funde! Ife kwathu timalithawa laulere.

Chilango changa chinali kuyesa. Ndinagona chagada m'madzi, zidendene pathabwa, chingwe m'manja. "Usadzikoke, boti likudzutsa lokha," anatero abwana. Ine ndinadzikoka. Thabwa linapita kwake, ine kwanga, koma chingwe sindinachisiye, paja msodzi sataya chingwe. Ndinakokedwa chafufumimba, ndikumwa Vaal Dam ndi mphuno zomwe.

Atandikwezera m'boti, adona anatembenuka msanga n'kundipatsira thaulo chakumbuyo. Kabudula wanga anali atatsala m'funde lija.

Bokosi tinalipeza, koma nyama inali itapita. Kabudulayo sitinamuonenso. Mpaka lero ndikamathirira maluwa, abwana amatsegula zenera n'kufuula kuti, "Kaputeni, tikumira!"