Ku Durban, mpando umodzi unagwetsa nkhani

Mu June 2024 ndinakwera basi ku Blantyre kukaona achimwene amene amasoka zovala ku Durban. Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, Joni, kenako msewu wa N3 wotsetsereka mpaka kunyanja. Ndinafika mapazi atatupa.

Panali patapita masabata awiri chichitikireni chisankho cha ku South Africa cha pa 29 May. Zithunzi za a Jacob Zuma, pulezidenti wakale wa dzikolo, zinali zikadali pamapolo a magetsi, zina zitayamba kusuluka ndi dzuwa.

Kwathu sitinazolowere zimenezi, koma ku South Africa chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo komanso mtsogoleri wake, Premier. Ya KwaZulu-Natal, chigawo chomwe muli Durban, imakumana ku Pietermaritzburg, ndipo ili ndi mipando 80. MK ya a Zuma, chipani chimene anachilengeza mu December 2023, inatenga 37. Zipani zina: IFP 15, DA 11, EFF 2, NFP umodzi. ANC, imene mu 2019 inali ndi 44, inangotsala ndi 14. Palibe chinakwanitsa 41 yofunika kuti chilamule chokha.

Madzulo tikudya nsima, achimwene anatsitsa mawu. "Achemwali, ife kuno sitivota, koma zikavuta timayamba kumva kuwawa ndife." Ankakumbukira July 2021, a Zuma atatsekeredwa m'ndende, masitolo atathyoledwa ndi kuotchedwa, anthu oposa 300 atafa. Mapasipoti onse anali atawamanga mupepala la pulasitiki, pansi pa matiresi. Ndinagona mtima uli m'mwamba.

Pa 14 June tinali mushopu, foni itatsamira pamakina osokera, tikutsatira voti yosankha Premier, anyamata atatu a ku Mangochi ataunjikana kumbuyo kwathu. IFP, ANC ndi DA zinagwirizana, koma pamodzi zinali ndi mipando 40 yokha. Mpando umodzi wa NFP uja ndi umene unadula mlandu: a Thami Ntuli a IFP anapeza mavoti 41, wa MK 39. Ndipo a Ntuliwo anakhalapo meya wa ku Nkandla, kwawo kwa a Zuma.

Anthu a MK ndinawamvetsa kukwiya kwawo. Kupeza mavoti ochuluka kuposa aliyense n'kukakhala kotsutsa, zimapweteka. Koma ine chimene ndinkapempherera n'choti mkwiyowo uthere m'nyumba ya malamulo, usatsikire mumsewu momwe m'bale wanga amapezera chakudya cha ana.

M'mawa mwake achimwene anatsegula shopu 7 koloko. Kasitomala woyamba anali mayi wa Chizulu atavala sikipa yobiriwira ya MK, akufuna kuti amuchepetsere diresi ya ukwati.