Ku Cebu, Kumene Rattan Amasanduka Mipando ya Dziko Lonse

Munthu wofika ku Cebu, m'dziko la Philippines, amayamba kuona luso la matabwa asanatuluke n'komwe pabwalo la ndege la Mactan, chifukwa denga la nyumba yofikirapo alendo akunja, imene inatsegulidwa mu 2018, linakhazikika pa mitanda ikuluikulu yamatabwa yokhota mochititsa kaso. Mmodzi mwa amene anakonza zam'kati mwake ndi Kenneth Cobonpue, mmisiri wobadwira mumzinda womwewo. Koma matabwa a mitandayo anachokera ku Ulaya, ndipo zimenezi zinandikhala m'mutu ulendo wonse, poti ndinapitako kukaona mipando imene ogulitsa amati siwononga chilengedwe.

Ntchito yambiri imachitikira ku Mandaue, mzinda wa mafakitale umene uli tsidya lina la mlatho wochokera ku Mactan. Ndinalowa m'kashedi kena kopanda chikwangwani, kamene kamapangira makampani akuluakulu zigawo za mipando, ndipo pakhomo panali mitolo ya rattan itaimikidwa kukhoma. Rattan ndi chomera cha mtundu wa kanjedza, koma m'malo moima pachokha chimayanga m'mitengo ya m'nkhalango pogwiritsa ntchito minga yake. Pooneka amafanana ndi nsungwi, koma nsungwi ili ndi mphako pamene rattan ndi wogwirana m'kati monse, ndipo n'chifukwa chake amapindika osasweka. Bambo wina wachikulire, amene anzake ankamuitana kuti Manong, anatulutsa ndodo yonenepa ya mtundu wa palasan m'chimpope cha nthunzi yotentha, n'kuikulunga msangamsanga pachikombole chathabwa isanazizire, kenaka n'kuimanga kuti igone momwemo. Pamalo pamene ndodoyo inkakana kukhota, ankailambitsa lawi la gasi pang'ono chabe, akuitembenuza ndi dzanja lamanzere, ndipo ankadziwa kuti yafewa pongoikankha ndi bondo. Panalibe choyezera kutentha, ndipo ndodo zina zimene zinapsa m'manja mwa anyamata ophunzira ntchito zinali zitaunjikidwa pakona.

Kuseri kwa shediyo kunakhala amayi oluka. Khungu la rattan amalisenda n'kuling'amba kukhala timizere tosalala, ndipo ndi timizere timeneti amaluka solihiya, kaluko kamabowo ang'onoang'ono kamene kamakhala pokhalira ndi potsamira mpando kuti mphepo izidutsa, chinthu chofunika kwambiri m'dziko lotentha ndi lachinyezi ngati limenelo. Mayi wina anali ndi beseni la madzi pambali, ndipo kamzere kalikonse ankayamba wakanyowetsa asanakalowetse m'mabowo a felemu, n'kukakhomerera ndi kazikhomo kuti kasabwerere. Zala zake zinali zokulungidwa ndi tepi. Anandiuza kuti amalipidwa pa mpando uliwonse umene wamaliza, osati pa mwezi, kotero kuti maoda akachepa kunja, ndalama zimachepanso pakhomo pake sabata yomweyo. Ndinaona kuti m'timabuku tokongola totsatsa mipandoyi amalemba zambiri za manja a anthu oluka, koma za malipiro awo samalembamo kanthu.

Mbiri ya Cebu pa mipando sinayambe ndi Kenneth Cobonpue, ngakhale kuti dzina lake ndi limene limamveka kwambiri. Mayi ake, a Betty Cobonpue, anatsegula fakitale yawo mu 1972 ndipo anatchuka ndi njira yomatira timizere ta rattan pamodzi. Mwanayo anakaphunzira ku Pratt Institute, sukulu ya zaluso ya ku New York, n'kubwerera kwawo mu 1996, ndipo chimene anasintha n'chakuti anasiya kubisa rattan ngati chipangizo cha anthu osauka. Mpando wake wotchedwa Yoda uli ndi ndodo zazitali zotsamira zimene anazisiya zitaima mosadula mofanana, ndipo munthu akatsamira zimagonja pang'ono n'kumugwira msana. Atsogoleri a mayiko anakhalira mipando ya mtundu umenewu pa msonkhano wa APEC, bungwe la zachuma la mayiko a ku Asia ndi Pacific, ku Manila mu 2015, ndipo bedi lake lotchedwa Voyage linagulidwapo ndi Brad Pitt, katswiri wa mafilimu wa ku America. Ndinaukhalira mpando wa Yoda, ndipo ndinganene kuti ndi wabwino kuukhalira kuposa mmene umaonekera pachithunzi, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri ndi mipando yotchuka.

Funso limene ndinkafunsa paliponse linali lakuti rattan yenseyu akuchokera kuti, poti Cebu ndi chilumba chimene nkhalango zake zachilengedwe zinatha pafupifupi zonse kalekale. Yankho linali zilumba za Palawan ndi Mindanao, kumene anthu a mitundu ya komweko, monga a Tagbanua ndi a Batak a ku Palawan, amalowa m'nkhalango, n'kukoka chomeracho kuchokera pamwamba pa mitengo, kusadza minga, ndi kusenza mitolo mpaka kumsewu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Rattan wamitundu yambiri amaphukanso akadulidwa mosamala, ndipo womudula safunika kugwetsa mtengo ngakhale umodzi; komabe popanda mitengo yoti ayangemo sakula bwino, ndipo mitundu yonenepa imatenga zaka zambiri isanakhwime. Nkhalango zitachepa m'dzikomo, amisiri ambiri anayamba kudalira rattan wochokera kunja, koma dziko la Indonesia, limene lili ndi rattan wochuluka kuposa lina lililonse, linaletsa kutumiza kunja rattan wosakonza kuyambira mu 2012 pofuna kuteteza mafakitale ake. N'chifukwa chake m'mashedi ena ndinapeza akuluka ndi timizere tapulasitiki tooneka ngati rattan pa mafelemu a aluminiyamu, makamaka mipando yapanja ya m'mahotela. Luso la manja ndi lomwelo, koma mawu oti zachilengedwe pamenepo sagwiranso ntchito.

Za abaca ndinene mwachidule, ngakhale kuti ndi chuma chachikulu. Chomeracho ndi cha banja la nthochi, ndipo ulusi wake, umene kale ankapotera zingwe za sitima zapamadzi, lero amalukira makapeti ndi zophimbira magetsi. Wambiri amalimidwa pachilumba cha Catanduanes, chimene namondwe Goni anachisakaza mu Novembala 2020 n'kugwetsa minda yambiri ya alimi. Kupatula rattan ndi abaca, ndinakonda kwambiri mazenera a capiz amene ndinaona ku Casa Gorordo, nyumba yakale ya ku Parian, dera la mumzinda wa Cebu, imene tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale. Capiz ndi zigoba zopyapyala za nkhono zam'nyanja, zodulidwa timabwalo ta ngodya zinayi n'kuikidwa m'felemu yamatabwa yotsetsereka, ndipo zimalowetsa kuwala kwa dzuwa koma n'kuchotsa ukali wake. Amene anamanga nyumbayo m'zaka za m'ma 1800 analibe makina oziziritsira mpweya, choncho anaikonza kuti mphepo iziyenda yokha.

Nkhani ya matabwa ndiyo yovuta kwambiri. Mtengo umene dzikolo linausankha kukhala chizindikiro chake mu 1934 ndi narra, umene ndi wa banja limodzi ndi mlombwa wathu uja, ndipo nawonso unadulidwa mopyola muyeso chifukwa cha kukongola kwa matabwa ake ofiirira. Mu 2011 Pulezidenti Benigno Aquino III analamula kuti kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe kuimitsidwe, ndipo amisiri ambiri lero amagwiritsa ntchito mitengo yobzala monga mahogany ndi gmelina, kapena matabwa akale ochotsedwa m'nyumba zogumulidwa. Tebulo lina limene ndinalisisita m'sitolo ina linali la matabwa otero, mabowo a misomali yakale akuonekabe, ndipo wogulitsa anandiuza monyadira kuti palibe mtengo umene unadulidwa polipanga. Zimenezo zinali zoona ndithu, koma nditamufunsa za nyumba imene matabwawo anachokera, anayankha kuti inali ya banja lina la kumudzi limene linalephera kuikonzetsa, ndipo linaigulitsa yonse, mizati ndi mazenera omwe, kwa anthu ogula matabwa akale.