Mmene Ndimawerengera Nkhope ndi Manja a Ondifunsa pa Intaviyu

Ndikalowa m'chipinda cha intaviyu, mphindi zopatsana moni ndimazigwiritsa ntchito kuona mmene aliyense wa ondifunsa wakhalira mafunso asanayambe. Wina amakhala atapinda manja pachifuwa kuyambira pachiyambi, mwina chifukwa m'chipindamo mukuzizira kapena ndi chizolowezi chake, ndipo sindiganiza kuti wandikana kale. Chimene ndimayang'anira ndi kusintha: amene anatsamira mpando akaweramira kutsogolo, kapena amene amalemba akaika cholembera pansi, pamenepo ndiye pali uthenga.

Poyankha ndimayang'ana amene wafunsa, koma ndimatembenukirako kwa anzake, makamaka amene sanalankhulepo, chifukwa nayenso adzapereka maganizo ake ine nditatuluka. Wofunsayo akamagwedeza mutu pang'onopang'ono uku akulemba, ndimaona kuti ndakhudza pamene amafuna, ndipo ndimawonjezera chitsanzo cha ntchito imene ndinaigwiradi. Koma akayamba kugwedeza mutu mofulumira, kutsegula pakamwa ngati akufuna kundidula, kapena kutembenuza tsamba la CV yanga, ndiye kuti wamva zokwanira, choncho ndimamaliza chiganizocho n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta kwa munthu amene mtima ukugunda, koma kumaposa kubwereza zimene wanena kale. Akakwinya nkhope, sindithamangira kudziteteza, ndimafunsa mwaulemu kuti, "Kodi ndayankha zimene mumafuna, kapena ndifotokoze mbali ina?"

Zonsezi sizindiiwalitsa yankho lenilenilo. Ambiri amanena kuti mawu amanyamula 7 peresenti yokha ya uthenga, kamvekedwe ka mawu 38 ndipo nkhope 55. Ziwerengerozi zinachokera ku kafukufuku wa mu 1967 wa Albert Mehrabian, katswiri wa za maganizo a anthu, amene ankaona mmene omvera amadziwira maganizo a wolankhula pamene tanthauzo la liwu limene wanena likutsutsana ndi nkhope kapena kamvekedwe kake. Sanafufuze za intaviyu, ndipo zimandidandaulitsa kuona ofuna ntchito akuyeserera kumwetulira ndi kakhalidwe ka pampando, chonsecho sanakonzekere kufotokoza luso lawo.

Kumapeto, ofunsawo akayamba kusonkhanitsa mapepala ndi kuyang'anana, ndimadziwa kuti nthawi yatha. Akandipatsa mwayi wofunsa, ndimafunsa funso lalifupi lokhudza ntchitoyo, kenako ndimadikira kuti iwo ayambe kuimirira kapena kupereka dzanja, ndipo ndimathokoza aliyense ndikumuyang'ana ndisanatuluke.