Mmene ndinalembera LPIC-1 ndili konkuno ku Zomba mpaka kusintha ntchito

Ambirife amene timakonda Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, kuno ku Zomba sitidya za Linux ayi, masana aliyense ali ndi geni yake. Mnzanga wina amaphunzitsa masamu ku sekondale ina cha ku Domasi koma usiku amakhala ali pa Arch, mtundu wina wa Linux, wina amakonza mafoni mumsika waukulu, ndiye pali mayi wina wa maakaunti amene anaika FreeBSD, yomwe si Linux koma ndi yofananako, pa kompyuta yakale kunyumba kwake ku Matawale chifukwa chongokonda basi. Ine ndinali kalaliki wolowetsa data pa bungwe lina, tsiku lonse Excel, ndikaweruka nde kumasewera ndi Linux ya Debian pa kalaputopu kanga ka kaunjika. Poti ambiri mumandifunsa kuti ndinatani kuti ndichoke pa Excel mpaka kugwira seva, ndifotokoze mmene zinayendera.

Vuto linali loti ukawauza abwana kuti ndimadziwa Linux amangoti chabwino achimwene, pepala lake lili kuti. Ku Malawi kuno pepala limalankhula kuposa iweyo. Nde ndinasankha satifiketi ya LPIC-1 ya Linux Professional Institute (LPI), bungwe lomwe linayamba mu 1999, chifukwa siyimangirira pa distro imodzi, kutanthauza mtundu umodzi wa Linux, komanso safuna digiri kapena satifiketi ina kuti ulembe. Mayeso ake ndi awiri, 101-500 ndi 102-500, pepala lililonse mafunso 60 mphindi 90, ndipo kuti ukhoze umafunika 500 pa 800. Ilipo ina yaing'ono ya Linux Essentials ya mafunso 40, ndiyabwino kwa oyamba kumene, koma ngati mwakhala kale pa terminal, polembera macommand paja, chaka ndi chaka ine ndingati ndalamazo sungani.

Poyambira ndi kutsegula akaunti pa webusaiti ya LPI, amakupatsa nambala yako yotchedwa LPI ID, ilembeni penapake poti muzaifuna polembetsa mayeso. Dzina mulembe ndendende mmene lilili pa chiphaso chanu. Mabuku owerenga amapereka aulere pa webusaiti yawo yomweyo, ine ndinawadawunilodera pa bandulo ya usiku nkukasindikiza mitu yovuta yokha pa kashopu ka fotokope ku Chikanda.

Apa nde pofunika kumvetsa, kusewera ndi Linux kunyumba ndi kukonzekera mayeso ndi zinthu ziwiri. Munthu wa Debian kapena Ubuntu amadziwa apt ndi dpkg, zida zoikira mapulogalamu, ngakhale ali mtulo, koma pepala la 101 limafunsanso rpm, yum ndi zypper za madistro ena, nde ndinayenera kuika distro ya banja la Red Hat mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ina mkati mwa kompyuta yako, pa laputopu ya RAM 4 GB, fani ikulira ngati chigayo usiku wonse. Amafunsanso GRUB, kagawidwe ka disiki, systemd limodzi ndi SysVinit yakale ija, ndi vi, pulogalamu yolembera mafayilo pa terminal. Inde vi, kaya mumaikonda kaya mumadana nayo. Ndiye mafunso ena si osankha A B C, amakupatsa kabokosi kopanda kanthu kuti ulembe wekha command kapena malo a fayilo, pamenepo palibe Tab yokumalizira mawu ndipo palibe man, buku la macommand lija, yoti utsegule. Chimene ndinkachita ndi kulemba macommand pa kope ndi bolopeni, monga chmod 755 ndi tanthauzo la 7 ndi 5 aliyense, kapena kuti /etc/fstab ili ndi magawo 6 ndipo lililonse limatani, nkumaloweza pa minibasi kapena magetsi akazima. Pepala la 102 ine linandikomera, mascript a bash, cron, maakaunti a anthu, netiweki, SSH, zinthu zoti ndinkazigwira kale.

Kulipira kunali nkhani ina, vocha ya mayeso imagulidwa pa intaneti mu ndalama zakunja, nde inu mukudziwa mmene forex ilili. Khadi langa silinkadutsa, mpaka msuweni wanga amene ali ku Johannesburg anandilipirira, ine nkupereka makwacha kwa mayi ake kumudzi. Gulani vocha imodzi kaye, yachiwiri mukakhoza loyamba.

Tsopano choseketsa chake. Mayesowa ukhoza kulembera pa senta ya Pearson VUE, kampani yolembetsa mayeso, kapena kunyumba kudzera pa pulogalamu yawo ya OnVUE, koma OnVUE imayenda pa Windows ndi macOS zokha. Mayeso a Linux, pa Linux osatheka eti. Nde ndinabwereka laputopu ya Windows kwa mlamu wanga, ndikuyendetsa system test yawo masiku angapo mayeso asanafike, imayesa kamera, maiki ndi liwiro la intaneti. Malo ndinapempha kaofesi ka mnzanga m'tauni komwe kuli inveta, Loweruka masana kulibe anthu, poti kwathu ku Chinamwali ana oyandikana nawo samachedwa kugogoda ndipo munthu akangolowa mchipinda mayeso atha kuimitsidwa. Check-in imatsegulidwa kutatsala mphindi 30. Umajambula nkhope yako, chiphaso, ndi chipinda mbali zonse zinayi, ine ndinagwiritsa ntchito pasipoti. Patebulo pasakhale chilichonse, woyang'anira anandilembera pa chat kuti ndichotse kalendala yomwe inali pakhoma kumbuyo kwa sikirini, ndinaichotsa ndikumuonetsa pa kamera. Kuwerenga funso mokweza saloleza, kuphimba pakamwa ayi, kutuluka pa kamera ayi. Kwa munthu ngati ine amene ndimaganiza ndikung'ung'udza zinali zowawa ndithu. Ukamaliza zotsatira sizichedwa, ndipo amakuonetsa mmene wachitira mutu uliwonse.

Nditakhoza onse awiri palibe amene anandiimbira foni, tisanamizane. Ntchito yolembedwa kuti Linux administrator ku Zomba ine sindinaionepo, zimene zimatuluka munyuzipepala ndi ICT Officer kapena Systems Administrator, Linux ili pa mzere wachisanu ndi chiwiri uko pansi pa Windows ndi maprinta. Koma ilipo. Makina a DHIS2 amene a zaumoyo amalowetsamo malipoti, pulogalamu yomwe inachokera ku University of Oslo, kawirikawiri amaikidwa pa Ubuntu ndi PostgreSQL. Moodle ya m'makoleji nayonso nthawi zambiri imakhala pa Linux, Koha ya ku laibulale imaikidwa pa Debian kapena Ubuntu. Nde tauni ngati ino yomwe ili ndi University of Malawi, National Statistical Office, MANEB ndi mabungwe a kafukufuku, pali zinthu zoti munthu angaziphunzire nkukhala nazo pokambira. Pa CV ndinaika LPIC-1 pamwamba, koma pansi pake ndinalemba zimene ndinapangapo ndi manja, kaseva ka Samba kogawirana mafayilo komwe ndinaika pa kompyuta yotayidwa kuofesi kuti anthu asiye kupatsirana mavairasi pa flash, ndi script ya rsync yomwe inkapanga backup madzulo alionse.

Pa intaviyu pepalalo anangoliyang'ana kamodzi nkuliika pambali. Bambo wina wa imvi pagulupo anandifunsa kuti seva yadzadza disiki anthu sakutha kulowa, muyambira pati achimwene. Ndinati df -h kuona gawo lomwe ladzadza, kenako du kulowa mu /var, poti nthawi zambiri ndi malog amene logrotate sakuwagwira kapena mabackup akale oiwalika. Anafunsanso kuti nanga mwafufuta fayilo yaikulu koma malo sakubwerera, ndinati pulogalamu ina ikadaigwirabe, lsof ikuuzani ndi iti. Anangogwedeza mutu nkulemba kanthu.

Pano ndine ICT Officer pa bungwe lina konkuno. Tsiku langa lambiri limathera pa printa yotafuna mapepala, kusintha mapasiwedi ndi kukwera pa tebulo kuyatsanso rauta, seva ziwiri za Ubuntu zomwe zili pano ndimazigwira mwina ola limodzi. Malipiro anakwerako ndithu kuyerekeza ndi ukalaliki. LPIC-1 imatha mphamvu pakapita zaka 5, nde ndikulingalira pakati pa LPIC-2 ndi RHCSA ya Red Hat, yomwe mayeso ake ndi ogwira ntchito pa makina enieni osati kusankha mayankho, koma mtengo wake ukundiopsa kaye.