Achimwene ali ku Maula

Kuyambira pamene achimwene anamangidwa, tsiku lokawaona limayamba mbandakucha, mayi akukazinga usipa ndi kuika nsima m'kontena kuti tikwere minibasi ya ku Maula dzuwa lisanatenthe. Pamzere timakumana ndi amayi obereka ana kumbuyo, ndipo ndi iwowo amene anandiuza kuti a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, komanso kuti mkaidi wosunga mwambo amachotseredwa gawo la chilango chake. Ana a achimwene tinawauza zoona, chifukwa mphekesera za ku Kawale kuno zikanawapweteka koposa. Mayi amayembekezera 6 Julayi, pamene Pulezidenti amakonda kukhululukira akaidi ena. Sindiwafooketsa, ngakhale ine mtima uli pa fizi ya anawo ndi lendi ya alamu.